Mfuti m'Buti, Maliro Panjira

Azakhali anga amene anandilera ku Ntcheu anandichenjeza ndili mtsikana kuti, "Iwe Naphiri, chinthu ukachibisa kwambiri chimadzatulukira pamaliro." Iwo ankanena za ana a kumbali ndi minda yogulitsa mwakachetechete. Za mfuti sanatchulepo. Ndani akanalota kuti mdzukulu wanga, mwana wamkazi, adzagula mfuti ndi ndalama zake, dzuwa likuswa mtengo, boma la Canada likumulembera mapepala? Ndalemba ulendowu kuti muumve kwa ine mwini, popeza ndikudziwa kuti ena a inu munaumva kale utathiridwa mchere.

Tinanyamuka ku Mississauga Loweruka, hafu pasiti seveni m'mawa, chilimwe chija boma linalengeza kuti litseka malonda a mfuti za m'manja. Mdzukulu wangayo ndi Tadala. Anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala, ndipo chimwalirireni mayi ake, mwana wanga Loveness, m'nyumba timakhala awiri basi. Kwa zaka ziwiri Loweruka lililonse ankati akupita ku kalabu. Ine ndinkayesa kuti kalabuyo ndi mwamuna. Nditadziwa kuti ndi kowombera chandamale, ndi mfuti zenizeni zobwereka, ndinalakalaka akanangokhala mwamuna.

Chiphaso chake cha mfuti chinkafuna mboni ziwiri zomudziwa bwino. Yoyamba ndinali ine. Mayi wina wa ku ofesi ya ziphaso atandiimbira kufunsa ngati Tadala amapsa mtima msanga, ndinadula foni kawiri, chifukwa munthu wosamudziwa safunsa za m'nyumba mwanga. Kachitatu Tadala anaima pambali panga atagwira m'chiuno, ndiye ndinayankha. Mboni yachiwiri sanandiuze. "Munthu wina, agogo." Ndinapisa m'matumba a majekete ake, ndinamvetsera pachitseko akamayankhula pafoni, koma munthu winayo sindinamupeze. Ndinangomuikira lamulo limodzi: nkhaniyi isatuluke pakhomo pano. Amalawi a kuno akaimva m'mawa, pofika madzulo ku Ntcheu akhala akunena kuti mdzukulu wa Naphiri walowa uchigawenga ku Toronto.

Tsiku lokatenga mfutiyo ndinati ndipita nawo. Sikuti ndinkafuna kuiona. Ndinkafuna kuona anthu amene amagulitsa zinthu zotere kwa ana a eni. Tadala anandikaniza diresi. Kumalo owomberako amafuna nsapato zotseka, malaya otseka khosi ndi chipewa chokhala ndi mlomo, choncho anandibwereka thalauza yake. Mwanayo ndi wamtali ngati mlongoti. Ndinaipinda thalauzayo katatu kumapazi, mapindo ake akuluakulu ngati matumba. Zaka makumi asanu ndi awiri ndili padziko, thalauza kuivala koyamba! Chitenje ndinachiika m'chikwama, pamodzi ndi mazira owiritsa, mbatata ziwiri ndi fulasiki ya tiyi.

Tisanalowe msewu waukulu Tadala anati tidzere 407, msewu wolipira umene sukhala ndi magalimoto ambiri. Ndinafunsa kuti amalipira kwa ndani.

"Palibe munthu, agogo. Makamera amajambula nambala ya galimoto, bilu imakupezani kunyumba."

"Tikupita kukatenga mfuti, iwe ukufuna atijambule?"

Tinadzera 403, kenako QEW, msewu wa aliyense. Ku Oakville tinaima kuthira mafuta a madola makumi asanu, amene chilimwe chimenecho sankadzaza ndi theka lomwe la thanki. Tadala anagula khofi wa madola awiri ndi chigumu chabowo pakati kudzera pawindo. Ine chakudya chotulukira pawindo, ophika osawaona, sindidya. Ndinasenda dzira langa. Mzungu wina wamimba yaikulu amene ankathira mafuta mu lole yake anayang'ana chipewa changa n'kufunsa ngati tikupita kukawedza. Ndinamuuza kuti tikupita kutchalitchi. Anayang'ana thalauza ija, n'kunena kuti timupempherereko.

Cha m'ma naini tinakwera mlatho wautali uja wodutsa Burlington, nyanja kumanzere, kumanja mafakitale a zitsulo a ku Hamilton akutulutsa utsi woyera. Pamenepo ndinatsetsereka pampando mpaka mutu unabisika. Ku Hamilton kumakhala Nachisale ndi amuna awo a Kamwendo, msilikali wopuma wa ku Zomba. Loveness atamwalira, m'nyengo ya chisanu choopsa, Nachisale anakwera sitima tsiku lomwelo, n'kugona pansi pabalaza panga masiku asanu ndi anayi. Ankandimwetsa phala ndi supuni ngati khanda. A Kamwendo ndi amene ankayendetsa mapepala onse. Ngati pali anthu amene sindinkafuna kuti andione nditavala thalauza ndikupita kogulitsa mfuti, anali iwowo.

"Agogo, dzukani. Mzinda wonsewu, ndani akuoneni?"

"Mmalawi amaona," ndinatero ndili pansi pomwepo.

Sitoloyo ili chakum'mawa kwa Hamilton, pakati pa nyumba zosungira katundu, yopanda chikwangwani chachikulu. Chitseko sichitseguka ukakankha. Umadina belu, kamera imakuyang'ana, kenako wina mkati amakutsegulira. Apa ndinayamba kuwalemekeza pang'ono. Ndinalowa nditakumbatira chikwama, ndikuyembekeza kupeza anyamata a zipsera ndi zojambula m'makosi. Mayo ine! Pamzere panali nkhalamba ya nduwira kumutu, mayi woyembekezera, ndi banja lina looneka ngati aphunzitsi a Sande sukulu. Onse anali phee, mapepala m'manja, ngati pamzere wa katemera. Zimenezo zinandiopsa kuposa zipsera. Wakuba wooneka ngati wakuba umamudziwa pomuthawira.

Wogulitsa, bambo wadazi wa magalasi, anawerenga mapepala a Tadala katatu. Ndalama, madola pafupifupi mazana asanu ndi anayi, anali atalipira kale masabata asanu ndi limodzi m'mbuyomo, n'kumadikira chilolezo. Bamboyo anatulutsa mfutiyo, n'kufananiza nambala yake ndi ya papepala, chala chikuyenda chilembo ndi chilembo. Kanthu kakuda, kogwirira kake ngati pulasitiki, kochepa kuposa simbi yanga yositira. Ndinafunsa kuti ndalama zonsezo zalowa pati.

Tadala anaika zipolopolo ziwiri padzanja langa. China chinali chowonda ngati kansonga ka pensulo. "Izi ndi zimene ndakhala ndikuwombera ku kalabu. Mfuti imachimenya m'mphepete." Chinacho chinali chonenepa ngati chala changa chaching'ono, chokhala ndi kabatani pakati pa thako lake. "Ichi imachimenya pakatipo. Amachitcha nayini, agogo, cha mamilimita asanu ndi anayi. Iyi ndiye mfuti yanga yoyamba ya akuluakulu." Chichewa cha Tadala chimayenda motsimphina, koma tsiku limenelo chinkathamanga.

Kenako wadaziyo anatiuza lamulo limene linadzatisautsa. Potuluka, mfuti ikhale yopanda chipolopolo, loko pa kachitsulo kokokera, bokosi nalonso lokhoma. Ndipo kuchokera pano, njira yolunjika kunyumba.

"Ngakhale kukataya madzi?" ndinafunsa.

"Mayi, chimbudzi chathu chili apo, mugwiritse musananyamuke. Wapolisi akakupezani kwa anzanu mukumwa tiyi, iyi ili m'buti, chiphaso chingapite, mfuti ingapite, mwinanso kukhoti. Ndipo mwana wanuyu amagwira ntchito kuchipatala, eti? Kumeneko mlandu saukonda."

Ndinagwedeza mutu monyadira. Ine si munthu wopatukapatuka kwa anthu.

Malo owombera ali kuseri kwa sitolo yomweyo. Anandilipiritsa madola makumi anayi ngati mlendo, Tadala anagula mabokosi anayi a zipolopolo, makumi asanu m'bokosi, madola makumi awiri ndi asanu lililonse. Chikwama ndi foni anati tisiye m'kabati. Ndinakhoma, ndinagwedeza chitseko kanayi, kiyi n'kumuika m'sokosi. Anandiveka magalasi ndi zotseka m'makutu zazikulu ngati mabakuli. Woyang'anira mkatimo anali mayi wa imvi, msinkhu wanga ndithu, atavala malaya ofiira. Gogo mnzanga! Ndinamufunsa ngati adzukulu ake amadziwa kumene amagwira ntchito. Anati ndi iyeyo amawaphunzitsa.

Hafu pasiti teni Tadala anawombera koyamba. Abale, musamvere za pakanema. Phokoso lija sindinalimve ndi makutu, ndinalimva m'mano ndi m'chikhodzodzo. Moto unatuluka kutsogolo, ndipo kumbali kunatumphuka kakhoko kamkuwa kotentha, kanamenya khoma n'kugwera pamapazi panga. Kenako kena, kenanso, ngati chimanga chokazinga chikuthetheka m'chiwaya. Ndinaima kumbuyo kwake nditauma, ndikuyang'ana msana wa mwana amene ndinkamusambitsa m'beseni.

Pa chipolopolo chachisanu mfuti inakana. Kakhoko kanakanirira pamwamba, kali chiimire. Tadala anaima, mfuti italoza kutsogolo.

"Atibera!" ndinakuwa. "Ndinanena ine! Yakufa imeneyo. Wadazi uja ali kuti?"

Mayi wa malaya ofiira anabwera osathamanga. Anamuuza Tadala kuti achotse zipolopolo, anayang'ana mkati, n'kupukuta ndi kansalu mafuta olimba a kufakitale, n'kudonthezamo ena opyapyala. Anati mfuti yatsopano imakhala youma, zitsulo zake sizinadziwane, imafuna zipolopolo mazana angapo kuti izolowere. Anamugwiranso Tadala pamkono n'kumuuza kuti alimbitse, chifukwa iyi imakankha, si kamfuti ka kalabu kaja. Ine ndinasokapo zovala zaka zambiri ku Ntcheu, ndipo makina atsopano amadula ulusi sabata yonse asanafewe. Ndinamvetsa, koma sindinamuuze mayiyo kuti ndamvetsa. M'bokosi loyamba mfuti inakana katatu. Lachiwiri kamodzi. Lachitatu inangoyenda, ndipo mabowo a papepala anayamba kuunjikana pakati ngati nyerere pa shuga.

Kenako mayi uja anandikodola. Ndinakana. Anandikodolanso, ndipo Tadala anati, "Agogo amaopa." Mwana ameneyu amandidziwa pondigwira. Anaikamo chipolopolo chimodzi chokha, mayiyo anaima phewa ndi phewa ndi ine, dzanja lake lili pafupi ndi langa. Ndinatsinzina. Anati nditsegule maso. Ndinatsegula limodzi, n'kukoka.

Bowo linaoneka pakona ya pepala, kumwamba. Iwo anaomba m'manja. Ine ndinaika chinthucho pansi. Chimene chinandiopsa si phokoso kapena kukankha kwake. Ndi kupepuka kwa chala. Kusenda mtedza kumafuna mphamvu kuposa pamenepo. Ndinayang'ana Tadala mmene ankachotsera chala chake kutali nthawi iliyonse akamaliza, mmene ankayang'anira mkati kawiri ngakhale akudziwa kuti mulibe kanthu, ndipo ndinazindikira kuti mwanayu sakhulupirira mfuti yake yomwe. Magazi anga ndithu.

Thwelofu koloko itakwana tinasamba m'manja ndi madzi ozizira monga anatiuzira, Tadala anakhoma maloko ake awiri. Bokosi lakuda lija linkaoneka kuti ndi la mfuti ngakhale kwa wakhungu, choncho ndinatulutsa chitenje changa, ndinalikulunga n'kumanga mfundo pamwamba ngati phukusi la munthu wopita kuchigayo. Tinaika m'buti. Titakhala m'galimoto ndinayatsa foni. Anthu anali ataimba kakhumi ndi kanayi. Uthenga woyamba unali wa Esnart, mayi wa kutchalitchi kwathu amene nkhani imamupeza isanachitike: "Anaphiri muli kuti? A Kamwendo atisiya m'mawa uno. Mtima. Tonse tikupita kunyumba kwa Nachisale."

Ndinawerenga mokweza. Tadala anagwira chiwongolero ndi manja awiri, n'kuweramira pamenepo, n'kuyamba kulira kosisima mapewa akugwedezeka. Ndinadabwa. A Kamwendo ankawadziwa, inde, koma kulira kumeneku kunali kwa munthu amene wataya bambo. Ndinazisunga mumtima kuti ndidzafunsa.

"Liza galimoto. Kwa Nachisale ndi mphindi khumi kuchokera pano."

"Sitingathe, agogo."

"Ukuti chiyani?"

"Mwamva lamulo. Kunyumba kaye."

"Lamulo limadziwa kuti mayi uja anagona pansi pabalaza panga masiku asanu ndi anayi? Tikangogwada, kupepesa, n'kutuluka. Ndani adzatsegula buti pamaliro?"

"Mukagwada kwa Nachisale simudzuka lero. Ndipo galimoto ikhala pamsewu, anthu akulowa n'kutuluka, ana akusewera. No, agogo."

Ndinamutuma kuti akafunse wadazi uja ngati angatisungire mpaka Lolemba. Anabwera akupukusa mutu: chilimwe chimenecho aliyense ankagula, malo osungira za anthu anali odzaza. Anati anditsitse ine pakona ya msewu wa Nachisale, iye apitirire. Ndinaganiza. Kukafika pasiwa ndekha, m'thalauza ndi chipewa cha mpira, chitenje chili m'buti chitakulunga mfuti, galimoto imene yanditsitsa n'kuthawa? Aliyense akanafunsa kuti Tadala wathawa chiyani. Komanso kumusiya mwana akulira chonchi, yekha pamsewu waukulu, ndi chinthu chimenecho kumbuyo? Ndinamanga lamba.

Pamaloboti omaliza tisanalowe QEW, nyali inafiira. Kumanzere kwathu kunaima vani yotuwa, mipando yapulasitiki itadzaza kumbuyo. Windo linatsika. Esnart.

"Anaphiri! Mwafika kale? Koma inu ndiye abale enieni. Tilondoleni, amuna anga akudziwa yachidule." Kenako maso ake anakwera pachipewa changa, n'kutsika pamalaya otseka khosi. "Mwachokera kuti kodi?"

Nyali inabiriwira. Vani inakhotera kumanzere, kumaliro. Ife tinawongoka, kukwera msewu wopita ku Toronto. Pagalasi ndinaona mutu wa Esnart uli kunja kwa windo, duku likuuluka, akutiyang'ana mpaka tinazimiririka.

Kwathu, ngakhale uli panjinga, ukadutsa pamaliro umatsika n'kuikankha. Ine ndinadutsa maliro a mwamuna wa Nachisale pa liwiro la galimoto. Tisanafike pamlatho foni inayamba kulira. Sindinayankhe. Pagulu la amayi la pafoni wina analemba kuti, "Akuti ena aonedwa akuthawa Hamilton." Mayi wina wa ku Chipata anayankha, "Ni ba Naphiri? Awe, sizingachitike." Esnart anati, "Ndawaona ndi maso angawa, atavala ngati wopita kumpira." Zaka zonsezi ndakhala ndikutseka makatani kuti anthu asandinene, lero akundinena pa chinthu chokhacho chimene munthu sakhululukidwa.

Ku Burlington magalimoto anali ataima ndondondo, nyali zofiira mpaka kutsogolo.

"Dzera wa makamera uja," ndinatero.

Tadala anandiyang'ana.

"Ajambule. Ajambule ndi thalauza yomwe."

Tinafika ku Mississauga itangodutsa thuu koloko. Tadala anakhomera mfuti m'kabati yachitsulo kuchipinda kwake, zipolopolo zotsala padera. Ine ndinamasula chitenje pabokosi, ndinachikutumula, n'kuchimanga pamwamba pa thalauza pomwepo, chifukwa nthawi yovula panalibe. Chinkanunkha mafuta a mfuti. Ndinataya chipewa, ndinamanga duku, ndinatenga shuga wa makilo awiri ndi masamba a tiyi, tinatulukanso. Ulendo wachitatu pamsewu womwewo tsiku limodzi, wa makamera kachiwiri. Panjira ndinakonza bodza: ndinaiwala mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndiye tinabwerera. Ndinamuuza Tadala kuti alibwereze. Ankangopukuta misozi ndi mkono.

Folo koloko itadutsa tinaima pamsewu wa Nachisale, kutali, chifukwa magalimoto anali atadzaza mbali zonse. Azibambo anali m'galaja pamipando ya Esnart ija. Pakhomo panali mulu wa nsapato. Pabalaza anali atatulutsa mipando yonse, amayi atakhala pansi pamatabwa m'mbali mwa makoma, akuimba nyimbo ya maliro motsitsa. Nachisale anali kumapeto, pamatiresi, atafunda nsalu yakuda.

Esnart anandiona ndisanavule nsapato yachiwiri. "Afika apaulendo," anatero mokweza pang'ono. "Ife timayesa mwalowera ku Ntcheu."

"Mankhwala, Esnart. Ndinaiwala mankhwala."

"Eya. Mankhwala ovalira chipewa."

Ndinagwada pakhomo n'kuyamba kuyenda ndi mawondo kupita kwa namfedwa, monga tinaleredwera. Pabalaza pa Nachisale si patali, koma tsiku limenelo panali ngati kuchoka ku Ntcheu kupita ku Balaka. Ndili pakati, nyimbo inatha. Ndipo m'kachetechete ameneyo pindo la thalauza la mwendo wakumanja, limene linakhala likukhuzika pansi, linamasuka.

Ngwee. Ngwee. Ngwee.

Timakoko titatu tamkuwa, timene tinagweramo m'mawa uja ine osadziwa, tinagubuduka pamatabwa. Kena kanalowa pansi pa mwendo wa mayi wa ku Chipata. Kena kanazungulira pamalo amodzi ngati kakuvina. Kachitatu kanayenda molunjika, pang'onopang'ono, n'kukaima pa chala cha phazi la Nachisale.

Ndinamva mawu a azakhali anga ngati ali m'khutu. Esnart anali atagwira pakamwa, koma maso ake anali akulemba kale uthenga.

Nachisale anatulutsa dzanja m'nsalu, anatola kakhokoko, anakatembenuza n'kuyang'ana pathako pake. Kenako anakanunkhiza. Anakweza maso, osati kwa ine, koma kwa Tadala amene anali atagwada kumbuyo kwanga.

"Nayini," anatero. "Ndiye yafika, mwanawe?"

Tadala anakwawa kundidutsa, n'kugwera pamiyendo ya Nachisale.

"Dzulo lomweli amafunsa," Nachisale anapitiriza akumusisita m'mutu. "Amati, mwana uja akatenga mawa, ndimuimbire madzulo ndimve ngati yakana. Zatsopano zimakana. Yakana kangati?"

"Kanayi," Tadala anayankha m'nsalu.

"Akanati n'zochepa."

Ine ndinalowererapo. "Nachisale, mukunena chiyani?"

"Mboni yachiwiri anali malemuwa, Anaphiri. Ndi amene anamuuza kuti ayambe ndi kakang'ono zaka ziwiri, asathamangire yaikulu. Tadala ankabwera kuno masiku ena Lamlungu, n'kumayala mapepala ake obowoka patebulo apo, awiriwa kumakangana." Anatembenukira kukhoma. "Esnart, ika foniyo pansi. Anthuwa anali ndi mfuti m'galimoto, lamulo silola kupatuka nayo. Akanabwera nayo pakhomo pano, a Kamwendo akanadzuka kumene agonako kudzawabweza."

Wina anaseka mwangozi, n'kudzigwira. Kenako Nachisale mwini anaseka, misozi ikutsika, ndipo amayi ananena pambuyo pake kuti kuyambira m'mawa kumeneko kunali koyamba kutulutsa mawu opitirira awiri.

Ine ndinali chigwadire pakati pa balaza, mwendo umodzi wa thalauza utatuluka pansi pa chitenje ngati mchira. "Munkadziwa nthawi yonseyi?"

"Zaka ziwiri zonsezi."

"Osandiuza?"

"Inu munatiuza?"

Ndinamaliza ulendo wanga wa mawondo, ndinagwira dzanja lake, ndinapepesa. Kenako, popeza bodza la mankhwala linali litafa, ndinatembenuka n'kuwauza amayi onse zimene ndakuuzani pano, kuyambira kamera ya pachitseko mpaka bowo langa la pakona. Mayi wa ku Chipata anafuna kudziwa ngati ndinatsinzina. Esnart anati thalauza ikundikhala. Nachisale anamanga kakhoko kaja pakona ya chitenje chake, pamene ena timamanga ndalama, ndipo sanakamasule mpaka tsiku loperekeza thupi kubwalo la ndege. Ndinagona pabalaza pake masiku asanu ndi anayi. Sindinawerenge dala, zinangokwana choncho.

Mfutiyo ikadali m'kabati yachitsulo, kiyi ali ndi mwini wake, ndipo kumene amamubisa ndafufuza sindinapapeze. Sindinaizolowere, sindidzaizolowera. Loweruka lililonse bokosi lakuda likamatuluka pakhomo ndimaima pawindo mpaka libwere. Koma chimene chimandisowetsa tulo si chimenecho. Ndi chakuti mwamuna wa Nachisale uja ankakhala patebulo langa pa Khirisimasi, ndikumubisira chinthu chimene iye anasainira, iye n'kumangotafuna nkhuku mwaulemu, osatulutsa ngakhale liwu limodzi kwa munthu aliyense. Ndinali ndi anthu osunga chinsinsi pafupi chonchi, ine n'kumawatsekera makatani, ndipo ndinadziwa mmodzi atapita kale.

Choncho inu amene mumadutsa ku Mississauga popita kuntchito kubwalo la ndege kapena pobwera kutchalitchi, muzipatuka kudzandiona. Tadala amachoka m'mawa, nyumba imakula. Muyambe mwaimba foni, ndipo mukagogoda muime pamene ndingakuoneni pakabowo ka chitseko, chifukwa zina sizisintha. Tiyi alipo. Ndipo tsiku lina ndikadzakuonani pamaloboti mukundidutsa osaima, ndidzadikira kaye mpaka madzulo ndisanauze Esnart.